Mapazi pa Ufa wa M'chigayo

Dzuwa litapendeka, Rozaria anazimitsa injini n'kuyamba kusesa ufa wogwera pansi, monga ankachitira tsiku lililonse. Chigayocho chinali cha gulu la amayi khumi a ku Kaduya, ndipo iye ndiye ankasunga kiyi. Chisanabwere, amayiwo ankasenza chimanga mpaka ku Chiringa. Tsopano ana awo ankapita kusukulu atavala nsapato.

Zachilendo zinayamba mwezi wachitatu. Potsegula mmawa, injini ankaipeza yotentha ngati yangozimitsidwa kumene, m'katimo mukununkha dizilo wosakanikirana ndi nyama yoola. Oyandikana ndi chigayocho ankati akumamva lamba akuzungulira, khanda likulira chapansipansi. Mbuzi zinafa. Kenaka mwana wa Eveles wa pamudzipo, amene anagona akusekerera, sanadzukenso.

"Chigayo ichi chikuyendera magazi," anatero bambo wina pamaliropo. "Mkazi n'kupukusa injini? Anakhwima ameneyu."

Amuna anagwirizana kuti Loweruka kiyi aperekedwe kwa iwo.

"Ingoperekani, amake Ufulu," anatero Hector, mwamuna wa Rozaria. "Ine ndasanduka choseketsa pamudzi pano, mkamwini wodyetsedwa ndi mkazi."

"Zaka zonsezi tikusenza matumba munali chete. Lero tapeza chathu, ndiye tasanduka mfiti?"

Lachisanu madzulo Rozaria ananyamula tsache, n'kuliponya pakona. Asesere ndani? Anakhoma chitseko, pansi pali mbuu.

Mmawa anasiya Hector ali m'tulo, napita ndi mnzake Belita kukatsegula komaliza.

"Mayo ine! Taonani pansi," anakuwa Belita.

"Musaponde!" anatero Rozaria.

Pa ufapo panali mapazi a munthu wosavala nsapato. Sanachokere pakhomo. Anangoyambira pakati pa chipinda, kuzungulira injini katatu, n'kuthera pakhoma lopanda zenera. Phazi lamanzere linali ndi zala zinayi.

"Amake Ufulu," ananong'ona Belita, "chala cha a Hector si chija chinadulidwa ndi khasu?"

Rozaria anatembenuka. Anathamangira kunyumba. Malaya ndi nsapato za Hector zinali pamalo pake, koma pamphasa panalibe munthu, pali ufa wokhawokha, wofunda. Palibe anamuonanso.

Amuna anabwera kudzaona mapaziwo, napukusa mitu.

"Komabe mukanakhala pakhomo," anatero bambo uja, "mwamuna wanu akanafika pamenepa?"

Rozaria anamangirira kiyi kunsonga ya chitenje, napukusa injini pamaso pawo. Inalira, ndipo amayi anandanda ndi madengu awo. Kuyambira tsikulo analeka kusesa madzulo.

Kwa milungu itatu ufa unkacha uli wosalala. Lolemba lotsatira anapezanso injini yotentha, mapazi atazungulira katatu. Rozaria anagwada n'kuwerenga zala. Zinali zisanu uku, zisanu uku.

Amayi asanu ndi anayi otsalawo anaima pakhomo, aliyense akukumbukira mapazi a mwamuna wake.