Mpando wa Pazenera

Mayi ake, a Roza, anamuuza Alexio m'mawa ali pakhomo: "Iwe, dzuwa likapendeka uziweruka. Ndipo pa bwinja lija la pamtsetse ukaona nyali, usacheuke. Nyumba yopanda mwini siyatsa moto."

Anavomera ndi pakamwa pokha. Ana inu mumatero.

Anali masiku aja amuna ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, akazi n'kumawatumizira zithunzi. A Langton, ojambula zithunzi pa Kasakula, ankapachika nsalu yaikulu kumbuyo kwa munthu, ndipo Alexio ndiye ankaipenta: chipinda cha anthu olemera, tebulo, mpando, zenera la galasi, kuti mayi wa kumudzi aoneke ngati waima m'nyumba ya m'tauni.

Koma chipindacho chinkamukana.

"Achimwene, ichi n'chipinda kapena chikwangwani cha golosale?" anatero a Langton. "Kuwala kuli ponseponse ngati pabwalo masana. Munthu akaimapo akuoneka wochita kumata. Chikakukanikani sabata ino, ndiitana wina wa ku Lilongwe."

Alexio anafufuta, napenta, nafufutanso, mpaka nkhuku zinalowa m'khola. Ananyamuka mdima utagwira kale mapiri, mutu uli pa nsalu ija. Kuwala m'chipinda kumachokera kuti? Nanga kumathera pati?

Atafika pamtsetse anaona nyali.

Chitseko cha bwinja chinali pululu. M'katimo munali mosesa bwino. Nyali sinali pakati ayi, inali pansi chakumbali, kuwala kwake kukugunda mwendo wa tebulo, kukwera khoma, n'kukatha pang'onopang'ono kungodya. Mwanayo anaima. Anatsinzina diso limodzi, natambasula mkono, n'kumayeza ndi chala chachikulu monga amachitira opentawa. Taonani, kuyeza nyumba ya eni usiku!

"Mwaona, bambo?" Anali mayi wovala duku, atakhala pampando pafupi ndi zenera. "Nyali musamaiike pakati. Mdima nawo uzikhala ndi pake pokhala."

Anadzuka, nakankhira tebulo kukhoma. "Katundu musamundandike ngati ana a sukulu. Ichi chibwere kutsogolo, icho chibisale. Diso la munthu lizilowa ngati mlendo, pang'onopang'ono."

Alexio ankangogwedeza mutu. Ankawerenga zithunzithunzi pakhoma. Cha tebulo, icho. Cha mpando, icho. Cha mayiyo...

Anayezanso. Panalibe.

Nyali ikuwomba thupi lonse la mayiyo. Khoma lili mbee!

"Mpandowu muusiye wopanda munthu," anatero mayiyo. "Bambo a kwathu akudikira."

Alexio anathawa, osadziwa kuti mtsinje anawoloka bwanji.

Wanzeru akanaulula kwa mayi ake. Iye anakhala chete, poti chimene ankafuna anali atachipeza. M'mawa anapenta zonse monga anazionera, kuwala kochokera mbali imodzi, ngodya yamdima, mpando pazenera. A Langton anagwira pakamwa. "Achimwene, umu munthu akhoza kulowamo n'kugona." Tsiku la msika amayi anaima pamzere.

Zithunzi zitabwera kuchokera kotsukitsa, mayi wina wachikulire, a Margareta, anayang'ana chawo nthawi yaitali.

"A Langton, uyu wakhala kumbuyo kwangayu mwamutenga kuti?"

Pampando paja panali mayi wa duku, manja ali pamaondo. A Langton anatulutsa zithunzi zina. Monsemo analimo.

"Ndi Susana uyu," anatero a Margareta. "Wa nyumba ya pamtsetse. Mwamuna wake ali ku Joni anamulembera kuti atumize chithunzi. Anachapa duku, nayanika, kuti mawa lake abwere kuno. Usiku womwewo mutu unamugwira. Tinamuika chaka chija chisanabwere chipani kudzagulitsa makadi kwathu, ndipo amene anamusambitsa ndine."

A Langton anatentha nsaluyo kuseri kwa sitolo, naitana wa ku Lilongwe uja. Amayi ena anakwirira zithunzi zawo. Koma china chinali chitapita kale ku Joni, ndipo kumene chinafikira sitikudziwa.

Alexio sanadwale, sanapenge. Koma diso lija anayezera linayamba kuchita nkhungu, ndipo mvula isanagwe linali litazimiratu. Anabwerera ku khasu. Atadzakwatira, madzulo mkazi wake akayatsa nyali ya koloboyi, iye ankadzuka mwakachetechete, n'kukaiika pakatikati pa nyumba.