Dothi Lofiira M'mano a Makina

Lolemba m'mawa dalaivala anaima kutsogolo kwa chimakina chake chokumbira, kiyi ali m'manja. Iye sankaweruka makinawo ali akuda. Madzulo alionse ankawatsuka, n'kutsitsa mkono wa makinawo mpaka mano a chifosholo atagunda pansi, monga amachitira aliyense wodziwa ntchitoyi. Koma m'mawa umenewo mkono unali m'mwamba, ndipo m'mano munali dothi lofiira, lonyowa. Kumene kampani inkakumba ngalande mwezi wonsewo kunali mchenga wokhawokha.

Dothi lotere ankalidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, pamene anthu a zipembedzo ziwiri ankaotcherana nyumba, asilikali amene anatumizidwa kudzaleretsa ndewu anamudzutsa usiku n'kupita naye kuseri kwa phiri lophwanyirako miyala. Kaputeni wawo anangoti, "Kumba apa, ndipo usayang'ane m'lolemo." Iye anayang'ana. Munali mitembo ya anthu amene anathawira m'nyumba yopemphereramo, ena atavalabe zogonera. Asilikali analengeza kuti anthuwo anathawira kunja kwa dziko, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsopano ofufuza a boma anali m'tauni, akupempha pa wailesi kuti wodziwa kumene kuli manda abwere. Popanda mitembo panalibe mlandu, ndipo Lachisanu ankayembekezeka kulongedza mapepala awo n'kumapita. Kaputeni uja anali atakwezedwa kawiri. Dalaivala anali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo mantha anali atamusoka pakamwa. Ndani angamuseke?

Lachiwiri dothi linabweranso, ndipo mkono unali utatembenuka, kuloza kuphiri. Anzake a pantchito, amene sasowa chonena, ankati alipo akukumba maganyu usiku. Koma mafuta anali osachepa, ndipo matcheni a makinawo anali pomwe anawasiya. Wina ananong'ona kuti anamva chitsulo chikubuula ngati ng'ombe yodwala. Dalaivala anaseka nawo, kenako anapita kuseri kwa ofesi n'kukasanza.

Lachitatu sanapite kunyumba. Anabisala m'galimoto yonyamula mchenga, kiyi wa makina atamufumbata. Magetsi anathima, mdima n'kukuta bwalo lonse. Ankangomva lata lomasuka likugogoda pampanda, ndi madzi akudontha pampopi, to, to, to. Patapita nthawi anamva phazi lokhwekhwereza, lolemedwa ndi katundu.

Anali mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, atanyamula ndowa. Anagwada pachifosholo n'kuyamba kumata dothi m'mano ndi manja, pang'onopang'ono, ngati akudyetsa wodwala.

Dalaivala anatsika n'kumuimira kumbuyo. "Bambo, mukundifuna chiyani?" anafunsa monong'ona.

Mlondayo sanadzidzimuke. "Mwana wanga wamkazi ali m'mene munakumbamo, achimwene. Ndi khanda lake kumsana. Amene anatsuka makinawa m'mawa mwake anandiuza kuti anabwera ndi dothi lofiira. Malo ake sindikuwadziwa. Ili ndimatapa kumunda kwanga."

"Ndiye munafunsira ntchito pano chifukwa cha ine?"

"Zaka zinayi ndakhala ndikukutsekulirani geti. Tsiku lililonse ndimati lero ndifunsa, koma ndikaona nkhope yanu ndimaona kuti nanunso simugona. Mfuti simunagwire ndinu, ndikudziwa. Ine ndikungofuna ndidziwe poti ndizikaima."

Dalaivala anamva chisoni chimene chinaposa mantha ake onse. Anakhala pansi, pafupi ndi ndowa ija. "Nanga mkonowu mumaukweza bwanji opanda kiyi?"

"Mkono?" anatero mlonda. "Ine ndimayesa ndinu mumausiya choncho. Ndikathira dothi ndimabwerera kugeti, m'mawa ndimangouona uli m'mwamba."

Lata lija linasiya kugogoda. Kenako, injini ili yozizira, kiyi ali m'chikhatho cha dalaivala, chitsulo chinayamba kubuula pamwamba pa mitu yawo. Mano anachoka pansi. Timibulu ta dothi tinkawagwera m'mapewa pamene mkono unkakwera mumdimamo, n'kutembenuka mosafulumira, mpaka unaima. Palibe anathawa. Mlonda ankapemphera chamumtima mwa chipembedzo chake, dalaivala mwa chake, atagwirana mikono ngati ana.

Kutacha anapita limodzi kwa ofufuza. Dalaivala anatchula tsiku, nambala ya lole, ndi dzina la kaputeni, osabweza ngakhale liwu limodzi. Anadziwa kuti kuyambira tsiku limenelo azigona khutu lili kuchitseko, ndipo anasaina.

Masana anawalondolera kuseri kwa phiri, pamene udzu unakula kuposa ponse. Mbiri inali itawanda kale, ndipo anthu ambirimbiri anawatsatira, amayi okalamba, amuna amene anasiya ntchito zili pakati. Mkulu wa ofufuza, mayi wa magalasi, anayang'ana kukula kwa malowo n'kupukusa mutu.

"Nthawi yatithera," anatero. "Tipemphe kampani yanu itibwereke makina achotse dothi la pamwambali. Mungayendetse ndinu?"

"Ayi, mayi," anayankha dalaivala. "Sindinawakwirire mozama. Manja ankanjenjemera. Mano aja angawapweteke."

Anavula malaya, n'kugwada, n'kuyamba kuzula udzu. Mlonda anagwada pambali pake.

"Ndiyambire pati, achimwene?"

Dalaivala analoza chakum'mawa kwa malowo. "Apo, bambo. Amayi a ana ndinawaika okha, kuti asapsinjike."