Ndani Akuluma Timatemba ta Vaileti?

Vaileti anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Cassacatiza, pafupi ndi mseu waukulu. Vaileti ankakonda nsomba. Sankakonda kuzidya ayi. Ankakonda kuziyang'ana. Koma nsomba zake zinayamba kufa. Vaileti ankafuna kudziwa chifukwa chake.

Nsombazo zinkakhala m'bokosi lagalasi. Bokosi lotere amalitcha akwariyu. Analibweretsa ndi amalume ake, a Américo. Iwo amayendetsa kamyawu, galimoto lalikulu la katundu. Nsomba anakazigwira kumtsinje ndi kaukonde.

Mu akwariyu munali timatemba tisanu ndi kamodzi. Tinkasambira pamodzi. Tinkatembenuka pamodzi.

Munalinso nsomba ziwiri za mtundu wa kambuzi. Ina inali yonyezimira, yofiira pamchira. Vaileti anaitcha Kanyezi. Ina inali yotuwa. Vaileti anaitcha Kaphulusa.

Pansi penipeni pankakhala kankholokolo. Kanali ndi mutu waukulu. Kanali ndi ndevu zazitali. Vaileti anakatcha Ndevu.

Pa zonsezi, Vaileti ankakonda kwambiri Kanyezi.

Lolemba m'mawa, Vaileti anapita pa akwariyu. Katemba kamodzi kanali kuyandama, mimba m'mwamba. Vaileti anakagwira ndi chala. Sikanagwedezeke.

"Ababa, bwerani muone!" anaitana Vaileti.

Abambo ake, a Estevão, amakonza njinga zamoto. Anabwera manja ali bii ndi mafuta. Anayang'ana katembako. Kanalibe bala.

"Ndi mphaka ameneyu," anatero abambo. "Amakonda kupisa dzanja m'madzi."

Abambo anadula waya wa sefa. Anavindikira akwariyu. Mphaka anabwera. Ananunkhiza wayayo. Anachoka mchira uli m'mwamba.

Lachitatu m'mawa, Vaileti anapita pa akwariyu. Katemba kena kanali kuyandama, mimba m'mwamba. Mchira wake unali wong'ambika.

"Amayi, bwerani muone!" anaitana Vaileti.

Amayi ake, a Odeta, anasiya kusesa. Anayang'ana waya uja. Unali pamalo pake.

"Si mphaka," anatero Vaileti.

"Ndiye ndi madzi," anatero amayi. "Ndowa imene umatungira ndimachapiramo. Mwina muli sopo."

Amayi anam'patsa ndowa ina. Vaileti anaitsuka ndi mchenga. Anaitsukanso. Anaitsukanso kachitatu. Anathira madzi abwino mu akwariyu.

Koma Vaileti anali ndi funso. Kodi sopo amang'amba mchira?

Lachisanu m'mawa, Vaileti anapita pa akwariyu. Panalibe nsomba yakufa. Koma katemba kamodzi kanali pakona. Kankapuma mofulumira. Nako kanali ndi mchira wong'ambika.

"Si mphaka," anatero Vaileti. "Si madzi. Wina akuluma timatemba. Ndipo ali momwemu."

Abambo anawerama. Amayi anawerama. Onse anayang'ana pansi. Ndevu anali pamenepo. Ankagwedeza ndevu zake.

"Taonani kukamwako," anatero amayi.

"Taonani maso akewo," anatero abambo. "Wakupha ndi ameneyu. Tim'chotse. Mphaka am'dye."

Vaileti anaima patsogolo pa akwariyu.

"Ababa, munamuona akuluma?"

"Ayi, sindinamuone."

"Amayi, inu munamuona?"

"Ayi, mwanawe. Koma nkhope yake ikunena."

"Nkhope siiluma," anatero Vaileti. "Chonde, ndipatseni tsiku limodzi. Ndikufuna ndione ndekha."

Abambo anakanda m'mutu.

"Tsiku limodzi," anatero. "Likatha, Ndevu achoka."

Vaileti anakhala pafupi ndi galasi. Nsomba zonse zinabwera. Zinatsegula pakamwa. Zinkafuna chakudya. Vaileti anasunthira kumanja. Nsomba zinam'tsatira. Anasunthira kumanzere. Nsomba zinam'tsatira.

Palibe inaluma inzake.

Vaileti anaganiza. Anaganizanso.

"Zikandiona, zimaganiza za chakudya basi," anatero. "Ndiyenera kuziona zisakundiona."

Loweruka kunalibe sukulu. Vaileti anatenga mipando iwiri. Anatenga kapulana yakale ya amayi ake. Nsaluyo inali ndi kaboo pakati. Anaiyala pamipando. Analowa pansi pake. Anatenga kaderno wake wolembamo ndi lapisi yolembera. Anaika diso pakaboo.

Anadikira.

Kamyawu inadutsa mumseu. Vaileti anadikira.

Ntchentche inatera pamphuno pake. Vaileti anadikira.

Mwendo unachita dzanzi. Vaileti anadikirabe.

Ndevu analowa pansi pa mwala. Anagona. Ndevu zokha zinkaoneka.

Kenaka Kanyezi anatsikira pamchenga. Anatapa mchenga ndi pakamwa. Anakaulavula pambali. Anatapanso. Analavulanso. Pakati pa akwariyu panaoneka kadzenje.

"Akukumba chiyani?" ananong'ona Vaileti.

Katemba kanadutsa pamwamba pa kadzenje. Kanyezi anatambasula zipsepse. Anathamanga, vuu! Anakaluma mchira. Katemba kanathawa. Kanagunda galasi. Kanabwerera. Kanyezi anakathamangitsanso.

Vaileti anagwira pakamwa. Analemba kamzere mu kaderno.

Katemba kena kanadutsa. Vuu! Vaileti analemba kamzere kena.

Kaphulusa anadutsa. Kanyezi sanamulume. Ananjenjemera thupi lonse. Anazungulira kadzenje ngati akuvina. Vaileti anadabwa. Anajambula zimenezo.

Dzuwa litafika pamutu, timizere tinali khumi ndi tiwiri. Tonse tinali ta Kanyezi. Ndevu analibe ngakhale kamodzi.

Vaileti anatuluka. Maso ake anali ndi misozi.

"Ababa, si Ndevu," anatero. "Ndi Kanyezi."

"Wokongola uja?" anafunsa abambo. "Sizingatheke."

"Lowani muone."

Abambo anagwada. Analowa pansi pa kapulana. Mutu unalowa. Msana unalowa. Koma miyendo inatsala kunja. Amayi anaseka.

"Chete, amayi!" anatero Vaileti. "Nsomba zimva."

Anadikira pang'ono. Kenaka mawu anamveka pansi pa nsalu.

"Aa! Taonani kamwana aka! Kaluma!"

Abambo anatuluka. Anakunkhumula fumbi m'mawondo. Anapita pagalasi.

"Pepani, a Ndevu," anatero. "Tinakunamizirani."

Ndevu anangogwedeza ndevu.

"Koma akulumiranji?" anafunsa Vaileti.

"Kadzenje kaja ndi nyumba yake," anatero abambo. "Ndili mwana ndinkationa timaenje totere kumtsinje. Mwini wake safuna alendo."

"Kumtsinje amaphanso timatemba?"

"Ayi. Kumtsinje timatemba timathawa. Timabisala m'bango. Timabisala m'miyala."

Vaileti anayang'ana akwariyu. Munali mchenga. Munali mwala umodzi. Munali galasi uku, galasi uko.

"Muno mulibe bango," anatero. "Muno mulibe kothawira!"

"Ndiye Kanyezi apite kwa mphaka?" anafunsa amayi.

"Ayi, amayi. Kanyezi si woipa. Malo ndi amene achepa."

Kuseri kwa nyumba kunali mgolo wodula pakati. Abambo anautsuka. Vaileti anathiramo mchenga. Anathiramo madzi. Anatenga Kanyezi ndi kaukonde. Anamuika mumgolo bwinobwino.

"Iyi ndi nyumba yako," anatero. "Kumba mmene ungafunire."

Kanyezi anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Anayamba kutapa mchenga.

Masana Vaileti ndi abambo anapita kumtsinje pa njinga yamoto. Anatola miyala yosalala. Anazula udzu wa m'madzi. Amayi anawapatsa mapale a mphika wosweka. Vaileti anaika zonse mu akwariyu. Tsopano munali makona ambiri. Munali mapanga ang'onoang'ono.

Katemba kovulala kaja kanalowa pansi pa phale. Kanapuma.

Vaileti anatsegula kaderno.

"Ababa, katemba koyamba kanalibe bala. Kanafa ndi chiyani?"

"Mwina kanatopa ndi kuthawa," anatero abambo. "Mwina kanadwala. Sindikudziwa, mwanangu."

Vaileti analemba funsolo. Yankho analisiyira malo.

Tsiku linapita. Palibe nsomba inafa. Sabata inapita. Palibe nsomba inafa. Mchira wa katemba unayamba kumera.

Koma panabuka vuto lina. Kaphulusa anasiya kudya.

Vaileti anam'ponyera gaga. Kaphulusa sanadye. Anam'ponyera chiswe. Kaphulusa sanadye. Ankangokhala kuseri kwa udzu. Pakhosi pake panali potupa. Pakamwa anatseka kuti ndii.

"Amayi, Kaphulusa akudwala," anatero Vaileti. "Nayenso afa?"

"Sindikudziwa," anatero amayi. "Uzimuyang'ana. Iwe uli ndi maso."

Vaileti anamuyang'ana m'mawa. Anamuyang'ana pochokera kusukulu. Anamuyang'ana masiku ambiri. Kaphulusa anaonda. Koma sanafe.

Lamulungu lina, amalume a Américo anabwera. Anaimika kamyawu pamseu. Akuluakulu anakhala pakhonde. Ankadya mtedza. Vaileti anali m'nyumba, phee, pafupi ndi akwariyu.

Kaphulusa anatuluka mu udzu. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anatsegula pakamwa.

M'kamwa munatuluka kanthu. Kanali kochepa ngati njere ya mpunga. Kanali ndi maso awiri. Kanali ndi mchira! Kenaka munatuluka kena. Kenanso. Kenanso.

"Ana!" anakuwa Vaileti. "Kaphulusa ali ndi ana!"

Tiana tinadzidzimuka. Tinathamangira kwa mayi wawo. Kaphulusa anatsegula pakamwa. Tonse tinalowa. Anatseka.

Amayi anabwera akuthamanga. Abambo anabwera. Amalume anabwera mtedza uli m'manja.

"Ali kuti anawo?" anafunsa abambo.

"Ali m'kamwa."

"Wawadya?" anafunsa amayi.

"Ayi, wawabisa. Khalani pansi. Khalani chete."

Onse anakhala pansi. Abambo anakhala chete. Amayi anakhala chete. Amalume anasiya kutafuna.

Anadikira. Anadikira.

Kaphulusa anatsegula pakamwa pang'onopang'ono. Tiana tinatuluka. Tinali tambiri. Tinazungulira mutu wa mayi wawo ngati utsi.

"Abale inu!" ananong'ona amalume. "Ndayenda mpaka ku Beira. Izi sindinazionepo."

"Ndiye chifukwa chake sankadya," ananong'ona Vaileti. "Ankaopa kumeza ana."

"Abambo awo ndi Kanyezi," ananong'ona abambo. "Kadzenje kaja ankakumbira iwowa."

Amayi anapukusa mutu.

"Ine ndinkabereka mwana mmodzi kumsana," anatero. "Mmodzi yekha. Ndipo ndinkatopa."

Vaileti anatsamira paphewa la amayi ake.

"Amayi, mukanatha kundisunga m'kamwa?"

"Iwe? Ndi mafunso akowo?" anatero amayi. "Ndikanakulavula tsiku lomwelo!"

Onse anaphulika kuseka. Tiana tinathawira m'kamwa. Vaileti anaika chala pamilomo. Koma nayenso ankaseka.