Mphuno ya pa Siteji ya kwa Zuze

Pofika chaka cha 2071, mabasi amagetsi a mumzinda ankayenda okha, opanda dalaivala ngakhale kondakitala. Pasiteji iliyonse panali mlongoti wa makina onunkhiza mpweya, omwe anthu anawatcha Mphuno. Mphuno ikabiriwira, basi inkaima. Ikafiira, basi inkangodutsa osatsegula chitseko, ati kuteteza mapapo a okwera.

Nzeru zake zimenezo! Akuluakulu atathamangitsa maminibasi a dizilo m'tauni, onse anakaunjikana kwa Zuze, kuchigwa kumene utsi ukalowa sutuluka. Ndiye Mphuno ya kumeneko inkangokhala psuu tsiku ndi tsiku, basi osaima, anthu n'kumakwerabe maminibasi omwewo.

M'mawa wina Esinati anafika pasitejipo atabereka mwana wake Tiyanjane, yemwe mphumu inali itamutsamwitsa, kuti athamangire naye kuchipatala. Kuchipatala anali atamuchenjeza kuti mwanayo akadzakweranso minibasi yautsi sadzafika wamoyo. Maminibasi asanu ndi anayi anali akulira pomwepo podikira kudzaza.

"Achimwene, chonde zimitsani mainjini," Esinati anapempha a Bokosi, wapampando wa madalaivala. "Mphuno ibiriwire, basi iime."

"Mayi, magalimoto athuwa ukazimitsa salira popanda kukankha. Nanganso minibasi yozima angakwere ndani? Anthu amati sinyamuka lero."

Esinati anamasula mwanayo n'kuwaonetsa. Milomo inali itada bii, chifuwa chikuimba mluzu.

"Mayo ine!" a Bokosi anagwira mutu. "Zimitsani nonsenu, msanga!"

Pasiteji panangoti zii. Anthu anadikira, maso ali pamlongoti, utsi ukuchoka mwaulesi. Patatha pafupifupi ola, Mphuno inabiriwira, azimayi n'kululutira. Basi inatulukira pakona, yoyera mbee. Inadutsa.

Esinati anamenya mlongotiwo ndi zikhatho, akulira. Mphuno inayankha mwaulemu wake wonse: "Pepani. Siteji ino inafufutidwa chifukwa kwa miyezi isanu ndi umodzi palibe anakwerapo. Zikomo posamalira mpweya."

"Tiyeni m'yangayi, mayi," anatero a Bokosi. "Njira ina palibe."

Anapotokola kiyi, koma injini inangoti duu. Azibambo anakankha mpaka inatsokomola chiutsi chakuda, Mphuno n'kufiiranso. Esinati anafunditsa mwanayo chitenje kumutu, nakwera akudziwa bwino zimene anauzidwa. Ankaopa kuvundukula chitenjecho, poti mluzu uja unali utasiya kumveka.

Mpweya wabwino unalipo ndithu mumzindamo, koma unali ndi eni ake, ndipo kwa Zuze sunkaima.