Bambo Aang'ono a Dungal

Nyumba yathu ku Erdington, kudziko la azungu, inali yaing'ono, yopanikizana ndi zinzake, koma munali mtendere. Amuna anga a Levison ankayendetsa basi, ine ndinkasamalira nkhalamba ku Dudley. Mu 1994 tinalandira Chiukepo, mwana wa achimwene anga amene anakwatira ku Rumphi. Mpingo ndiwo unamupezera malo pa yunivesite kuti aphunzire mbiri yakale. Tsiku limene anafika, achimwene anandiuza pa foni kuti, "Rabecca, ndakusungitsa diso langa."

Anali mwana wabwino. Chaka chomaliza anamupatsa ntchito yolemba moyo wa mfumu ina yakalekale ya ku Scotland, dzina lake Dungal, ndi mtundu wake. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ankatifotokozera zimene wapeza, ine ndikusita mayunifomu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma cholowa m'khutu mwanga sichituluka. Mpaka lero ndikhoza kukuuzani. Dungal anali mwana wa Malise. Malise anafera kunkhondo mwanayo akadayamwa, ndiye analeredwa ndi mng'ono wa Malise, dzina lake Ferchar. Dungal atakula anaba chidindo cha Ferchar, nadinda kalata yabodza yoti minda yonse ndi yake. Mfumu yaikulu itazindikira inamulanda zonse, ndipo anakafera kudziko la eni.

"Wosayamika ameneyu," ndinatero. Chiukepo anaseka.

Kenako kunabwera Rex, mnyamata amene anamaliza kale sukulu, wa galimoto yofiira.

"Ase, ukalamba ndi mabuku! Tiye ku Bilston tikaonere mpira, tikanyowetseko kukhosi."

Linayamba Loweruka lokha. Posakhalitsa Lachiwiri lomwe, Lachitatu lomwe. Mabuku a Dungal anayamba kuchita fumbi pamwamba pa firiji.

A Levison anamukhazika pansi Chiukepo. "Iwe, viza yako yamangiriridwa ku sukulu. Sukulu ikaduka, nawe waduka."

"Musadandaule ankolo, zonse zili under control."

Ine mtima sunali m'malo. M'basi yopita ku Dudley ndinkangoganiza mawu a achimwene aja.

Lolemba lina masana ndinawamva akunong'onezana pakhomo.

"Deadline ndi Lachisanu? Zazing'ono," anatero Rex. "Mmalawi mnzathu Wallace analemba za Dungal yemweyo zaka zisanu zapitazo, pano ali ku Lilongwe. Pepala lake ndili nalo. Ungotaipa n'kusabmita. Azunguwa amawerenga mapepala mazanamazana, angakumbuke chiyani?"

Lachinayi ndinamupeza Chiukepo akutaipa mofulumira, popanda buku ngakhale limodzi patebulo.

"Tandimasulira pang'ono, mwanawe, ndamusowa Dungal."

Anamasulira monyinyirika: "Dungal anaba chidindo cha bambo ake, Ferchar."

"Bambo ake? Bambo ake ndi Malise. Ferchar ndi bambo aang'ono."

"Ndi chimodzimodzi, azakhali."

"Kwathu ndi chimodzimodzi, mng'ono wa bambo ndi bambo. Koma unandiuza wekha kuti kwa azungu ameneyo ndi ankolo basi. Chiukepo, mawu awa si ako. Ndinamumva Rex. Pita kwa aphunzitsi ako, ukanene kuti wachedwa, akuonjezere masiku."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Azakhali, za ma-dissertation inu mukudziwapo chiyani? Ndi Sitandade 4 yanuyo?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinatuluka. Lachisanu anakapereka pepala lija.

Masabata atatu ndinakhala ndikuthamangira pachitseko positi ikagwa. Kalata inabweradi, yomuitana ku ofesi. Anatipempha kuti timuperekeze.

Mphunzitsi wake anali mayi wachikulire waimvi. Anaika mapepala awiri patebulo, lina lakale lokhala ndi inki yofiira. Ankalankhula pang'onopang'ono, a Levison akundinong'oneza m'Chichewa.

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikuphunzitsa za Dungal," anatero mayiwo. "Wophunzira mmodzi yekha ndiye anatchula Ferchar kuti bambo. Ndinamufunsa chifukwa, anandifotokozera mwambo wa kwanu, ndipo unandisangalatsa kotero kuti sindinauiwale. Lero ndapeza wachiwiri. Tsamba lomwelo, mawu omwewo."

Chiukepo anangoti zyoli. Sanakane.

Anamuchotsa sukulu. Mpingo unalemba kalata kuti thandizo latha. Chiukepo atamuimbira foni Rex, yankho linali lakuti, "Ase, ine ndinangokubwereka kuti uwerenge. Usanditchule."

M'mwezi wa Julayi tinamuperekeza ku Digbeth kukakwera basi ya ku bwalo la ndege. Sutikesi yake inali yomweija anabwera nayo, yopanda satifiketi. Basi itayamba kulira anagwada pa simenti, anthu akuona.

"Azakhali, mundikhululukire. Munandiuza. Kwa adada ndikanena chiyani?"

"Ukanene zoona," ndinatero ndikumudzutsa. "Dungal anafera kwa eni. Iwe ukupita kwanu wamoyo. Ukayambe ndi zimenezo."

Madzulo ake ndinaimbira achimwene. Nditawauza zonse anafunsa kuti, "Diso langa lija, Rabecca?"

Ana inu a sukulu, mundimve. Ulesi ndi umene umatsegulira kuba chitseko, ndipo kuba mawu a mnzako ndi kuba ndithu, ngati kuba mbuzi. Chakuba chilichonse chimakhala ndi chizindikiro cha mwini wake, ndipo wakubayo ndiye sachiona. Wamkulu akakuuzani kuti imani, musamufunse kuti sukulu analekezera pati.