Nsanza za Efelo

Madzulo amenewo Efelo ankaanula zovala za abwana ake ku Eriya 9 pamene anamva kanthu kofunda kakutsetsereka m'mwendo. Poyang'ana, magazi. Mayi wa imvi, woti anasiya kusamba kalekale, n'kubwereranso kumwezi ngati namwali? Anakhala pa ndowa.

Imfa sankaiopa kwenikweni. Chinamudya mtima n'chakuti mwana wake Eveless anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndipo Efelo ndiye ankayenera kukatulutsa khandalo m'chikuta. Ntchito imeneyo ndi ya munthu wozizira. Wamagazi akagwira khanda amalisempha, limatupa n'kufa.

Kumayadi mabwana sadziwana ndi dzina lomwe, koma antchito awo amadziwana mpaka m'thumba, choncho mbiri inali itawanda kale. Wophika wina ku Eriya 14 anataya magazi mpaka kumwalira. Wolera ana wa nyumba ya pakona anatsatira. Onse asanafe ankadandaula chimodzimodzi: dzuwa likangolowa ankamva munthu akupukuta mapazi pakhomo, kwee, kwee, koma potsegula n'kupeza palibe, fungo lokha la nsanza zonyowa.

Mlungu usanathe Efelo anayamba kumva mapaziwo. Kuchipatala anamuuza kuti ndi chotupa m'chiberekero, abwerenso mwezi wamawa. Mapiritsi anamwa onse, koma magazi osaleka.

Eveless atabwera kudzamuona anatseka chitseko, n'kufunsa monong'ona.

"Amayi, nyanda zanu zija, mutasiya kusamba munazitani?"

"Ndinazichapa bwinobwino."

"Kenako?"

"Ndinapatsa mayi uja amatola nsanza m'mageti, woluka zopondera pakhomo."

"Osaziotcha?"

"Ndikanaotchera pati, mwanawe, pa kapinga wa abwana?"

Eveless anagwira mimba yake, n'kusuntha pang'ono kuti asakhudzane nawo. Efelo anaziona, ndipo zinamupweteka kuposa matendawo.

M'mawa mwake anakwera minibasi kupita kumsika wa Tsoka, atavala zitenje ziwiri kuopa manyazi. Mayiyo anam'peza kumapeto kwa mabenchi a kaunjika, chakumtsinje, akuluka. Ntchentche zinali ng'aa pa mulu wa nsanza, fungo lake lomwe lija.

"Mwachedwa, a Efelo," anatero mayiyo osatukula mutu. Dzinalo Efelo anali asanamuuzepo.

"Ndibwezereni nsalu zanga. Ndili ndi mdzukulu akubwera."

"Ndinazing'amba timizeretimizere, n'kuzilukira m'zopondera zambirimbiri. Zina zili m'maofesi ku Kapitolo, zina kumayadi kwanu komweko, china chinakwera basi ya ku Mzuzu. Munthu akapukutirapo phazi, inu mumadontha." Apa anamwetulira. "Kayambeni kugogoda m'mageti."

Efelo anagogodadi. Alonda anam'pirikitsa ngati wamisala, agalu anamuuwa, ntchito inam'thera. Atabwerera ku Tsoka ndi mkamwini wake anapeza pamalopo pakugulitsidwa nsapato, ndipo ogulitsawo analumbira kuti chiyambire sipanakhalepo woluka zopondera.

Khanda linabadwa, lalimuna, lonenepa bwino. Tsiku lolitulutsa analinyamula ndi apongozi ake a Eveless. Efelo, atauma ngati nkhuni, anaimirira kuseri kwa mpanda akusuzumira pa mpata. Mayi wina wachilendo, wosadziwa nkhaniyi, anatenga mwanayo n'kulunjika naye komweko.

"Agogo, landirani mwamuna wanu."

Efelo anabisa manja onse awiri m'chitenje, nabwerera m'mbuyo.