Mawu a Msilikali wa ku Roma

Safia anakumana ndi Uladi pa siteji ya malole a ku Makanjira, m'tauni ya Mangochi. Mnyamatayu ankamasulira mafilimu m'Chichewa, ndipo pakamwa pake panali potsekemera ngati bango loviika mu uchi.

"Chemwali, foni yanuyo ili ndi memori? Ndikuikireni filimu ya Aroma. Mukakalira mundiimbire."

Safia atafika kwawo ku Makanjira analiradi. Filimuyo inali ya msilikali amene mfumu inamutumiza kunkhondo kutsidya la nyanja, mkazi wake n'kutsala akudikira pachipata cha mzinda. Wosewera msilikaliyo sankabuma ayi, ankangoluma mano, misozi ili lengelenge. Malipenga akayamba pansipansi, mayi wina n'kumaimba ngati ali pamaliro, mtima wa Safia unkachita kuwawa. Ndiye mawu a msilikaliyo n'kukhalanso a Uladi! Akanapirira bwanji mwana wamkazi? Anamuimbiradi foni Uladi.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Duwa langa, gawo lachiwiri ndikulimaliza. Mkazi wa msilikali ndimutcha Safia, Mangochi yense amve. Ikangotuluka, akwathu akubwera kudzakufunsira."

Kenaka dzinja linadula msewu. Safia ankaanika usipa pathandala akumvetsera gawo loyamba, mpaka analiloweza lonse. Ankamusowa Uladi koopsa. Amuna awiri anabwera kudzamufunsira, onse anawabweza. Mauthenga aja atayamba kuchepa, iye ankangoti ndi netiweki, poti ku Makanjira imavutadi.

Tsiku lina mnzake Esitere anatsika boti kuchokera kutauni ali ndi gawo lachiwiri. Anakhala pakhonde masanasana, mitu pamodzi, maso pafoni.

Msilikali uja anamulasa m'bwalo la masewera, khamu likukuwa. Anagwa pamchenga. Nyimbo ija inayamba, mkazi wake akuthamangira pomwe anagwerapo.

Safia anadabwa. M'gawo loyamba mawu a akazi ankawachita Uladi yemwe, mochepetsa kukhosi. Koma apa ankalankhula mkazi weniweni.

"Musandisiye, amunanga."

"Sindingakusiye, Alima wanga," anayankha Uladi m'kamwa mwa msilikali, mofatsa, mwachikondi chosachita kusewera.

"Alima ndi ndani?" anafunsa Safia.

Esitere anayang'ana pansi. "Ndimasowa poyambira, mnzanga. Ndi mkazi wake. Anamanga ukwati kumzikiti mwezi watha, tsopano akumasulira limodzi. Ndizimitse?"

Safia anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, n'kuigwiritsa foniyo ndi manja onse awiri.

"Isiye kaye," anatero. "Sanamalize kulankhula."